Chipatso Chopsa Modekha: Zimene Mphesa za Pinot Noir Zingaphunzitse Mlimi wa ku Chipata

Aliyense amene walowapo m'masitolo akuluakulu a m'tauni ya Chipata waonapo mphesa zolongedzedwa m'timabokosi ta pulasitiki, ndipo amene anasuzumira mtengo wake anatuluka akuwerengera chamumtima. Kabokosi kamodzi kamadya ndalama zimene wogulitsa tomato pa msika wa Kapata amazipeza atatha milu ingapo. Zambiri mwa mphesazo zimachokera ku South Africa. N'chifukwa chake funso lakuti "kodi ife sitingalime mphesa kuno?" silisowa m'kalasi la zipatso, ndipo limabweranso kuchokera kwa ena a inu amene munatsiriza maphunziro kalekale. Amene ali ndi abale ogwira ntchito m'minda ya mpesa ya ku Cape amafika potchula ndi mayina a mitundu yake, ndipo dzina limene limatchulidwa ndi ulemu kuposa onse ndi pinot noir, poti amamva kuti vinyo wake amagulidwa ndalama zochititsa kakasi.

Tinene poyera pachiyambi pomwe kuti ife a mpingo wa Adventist sitimwa vinyo wowira, sitiphunzitsa kapangidwe kake, ndipo pa Mgonero wa Ambuye timagwiritsa ntchito madzi a mphesa osawira. Komabe mpesa ndi mbewu, ndipo palibe mbewu ina imene anthu aiyang'anitsitsa kwa zaka mazana ambiri, munda ndi munda, chaka ndi chaka, monga achitira ndi pinot noir. Zimene apeza n'zothandiza kwa mlimi wa zipatso aliyense. Mwachidule, apeza kuti ubwino wa chipatso umapangika m'masabata otsiriza a kupsa kwake, ndipo umadalira kwambiri kuti chipatsocho chapsa mothamanga kapena modekha.

Mpesa wosakhalira kukhumudwa

Kwawo kwa pinot noir ndi ku Burgundy, dera la kum'mawa kwa dziko la France. Dzina lake limachokera ku mawu awiri a Chifalansa, lina lotanthauza mtengo wa paini, lina lotanthauza chakuda, chifukwa tsango lake ndi laling'ono, lothithikana, looneka ngati chibalobalo cha paini. Khungu la zipatso zake ndi lopyapyala. Mpesawu umaphukira msanga nyengo yozizira ikangotha, ndipo zipatso zake zimapsa mitundu ina yambiri isanapse.

Makhalidwe amenewa ndiwo gwero la mavuto ake onse. Khungu lopyapyala limawauka ndi dzuwa lamphamvu ndipo limang'ambika mvula ikagwa zipatso zitayamba kupsa. Tsango lothithikana silipita mphepo, kotero chipatso chimodzi chikawola chimawoletsa zinzake, monga ichitira nsomba imodzi yovunda m'dengu. Mpesa ukasiyidwa kuti ubereke mwakufuna kwake, zipatso zimachuluka koma zimasukuluka.

Amonke a chipani cha Cîteaux, chimene chinayamba m'chaka cha 1098, anali ena mwa anthu amene analima mpesa ku Burgundy mosamalitsa. Munda wawo wotchuka wa Clos de Vougeot, wa mahekitala pafupifupi 50, udakali wozingidwa ndi linga la miyala mpaka lero. Alimi a m'mibadwo yotsatizana anazindikira kuti zigawo ziwiri za phiri limodzi, zolekanitsidwa ndi kanjira chabe, zimabala zipatso zosiyana kukoma chaka chilichonse, ndipo chigawo chilichonse anachipatsa dzina ndi malire. Zigawo zotere zilipo 1,247, ndipo m'chaka cha 2015 bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. M'chaka cha 1395 Philippe, wolamulira wa Burgundy, analamula kuti mpesa wa mtundu wa gamay uzulidwe m'dera lake, pakuti unkabereka kwambiri koma ankauona kuti ukuipitsa mbiri ya dzikolo. Mpaka pano malamulo a kumeneko amaika malire a zokolola pa hekitala imodzi, makamaka m'minda yapamwamba kwambiri. Mlimi wa chimanga amanyadira kuchuluka kwa matumba, koma mlimi wa pinot noir amachotsa dala matsango ena akadali aawisi kuti otsalawo akhwime bwino, monga tichitira popatulira mbande.

Mpikisano wa m'kati mwa chipatso

Kuti timvetse chifukwa chake mpesawu umafuna malo ozizirira, tiyenera kuona zimene zimachitika m'chipatso chikamapsa. Pali zinthu zinayi zimene zimasintha nthawi imodzi, koma chilichonse pa liwiro lake.

Choyamba ndi shuga. Masamba amapanga shuga ndi mphamvu ya dzuwa, ndipo chipatso chikayamba kufewa ndi kusintha mtundu shugayo amathamangira m'menemo. Kukatentha, shuga amachuluka msanga.

Chachiwiri ndi asidi, amene amapatsa chipatso kuwawasa. Mphesa yaiwisi ili ndi asidi wambiri, ndipo ikamapsa imatentha gawo lina la asidiyo popuma, monga thupi lathu litenthera chakudya. Kupuma kumeneku kumafulumira kukafunda, makamaka usiku. Kumene usiku umazizira, chipatso chimapuma pang'onopang'ono ndipo chimasunga kuwawasa kokwanira kulimbana ndi kutsekemera kwake.

Chachitatu ndi mtundu wa khungu. Utoto wofiira ndi wakuda wa mphesa umapangika bwino masana akakhala ofunda pang'ono ndipo usiku ukakhala wozizira. Kutentha kukapitirira madigiri 30 kwa masiku ambiri, kapangidwe ka utotowo kamafooka. Pinot noir ali ndi utoto wochepa kale mwachibadwa, choncho sakhala ndi wotsala woti n'kutaya.

Chachinayi ndi fungo, pamodzi ndi zinthu za m'khungu ndi m'njere zimene zimaumitsa m'kamwa monga ichitira nthochi yosapsa kapena tiyi wokhalitsa m'ketulo. Izi zimafuna masiku ambiri kuti zikhwime, ndipo dzuwa lowonjezera silizifulumizitsa monga lifulumizitsira shuga.

Tsono kumalo otentha shuga amafika pachimake fungo lisanakhwime. Mlimi akathyola msanga, amapeza chipatso chotsekemera koma chosakhwima fungo; akadikira, asidi amatha, khungu limakwinyika, ndipo zotsala ndi madzi a shuga opanda moyo. Kumalo ozizirira zinayi zonsezi zimafika pamodzi. Akatswiri a nyengo anapeza kuti pinot noir amachita bwino kumene kutentha kwa nyengo yonse yomera, kuphatikiza usana ndi usiku, kumakhala pakati pa madigiri 14 ndi 16. Mpata umenewu ndi wopapatiza kuposa wa mitundu ina yambiri ya mpesa.

Apa m'pamene pachokera mbiri ya vinyo wake. Odziwa kulawa amamufotokoza kuti ndi wofiira mopepuka, woti munthu n'kuona zala zake kuseri kwa tambula, wowawasa pang'ono mosangalatsa, wosauma kwambiri m'kamwa, wa fungo la zipatso zofiira monga sitiroberi ndi cheri. Akakhala zaka m'botolo, amati amayamba kununkhira ngati bowa, kapena ngati nthaka ya m'nkhalango mvula itangowaza. Mpesa womwewo ukalimidwa kotentha, amati vinyo wake amakhala wolemera, waukali wambiri chifukwa shuga wochuluka ndiye amasanduka mowa wochuluka, ndipo fungo lake limakhala la jamu wophika. Chimene ogula amalipira ndalama zambirizo kwenikweni ndi nyengo ya malo amene chipatsocho chinapsera.

Zimenezi si zachilendo kwa inu. Lalanje la kumalo otentha limapsa m'kati khungu likadali lobiriwira, pamene la kumalo a usiku wozizira limasanduka lachikasu chowala. Kabichi ndi repu za m'dimba mu Juni zimakoma kuposa za mu Okutobala. Mbatatesi zimakonda mapiri a Dedza ndi Ntcheu kutsidya kwa malire, osati chigwa cha Luangwa. Lamulo lake ndi limodzi lomwelo.

Ulendo wake kunja kwa France

Kulikonse kumene pinot noir wapambana, alimi anayamba ndi kufunafuna malo ozizirira asanagule mbewu. Ku America, David Lett anaubzala m'chigwa cha Willamette ku Oregon m'chaka cha 1965, nthawi imene ambiri ankati kumeneko n'kozizira kwambiri kuti mpesa n'kupindula. Ku New Zealand wachita bwino ku Central Otago, chakumwera kwenikweni kwa dzikolo. Ku Germany amalimidwa kwambiri ndi dzina lakuti Spätburgunder.

Mbiri ya ku South Africa ndiyo yotiyandikira, ndipo ikusonyeza njira ziwiri. Njira yoyamba inali kusintha mbewu. M'chaka cha 1925 Abraham Perold wa pa yunivesite ya Stellenbosch anakwatitsa pinot noir ndi cinsaut, mpesa wopirira kutentha ndi wobereka kwambiri, ndipo panabadwa mtundu watsopano wotchedwa pinotage. Mtunduwu umakula bwino m'madera ofunda a ku Cape, koma zipatso zake zili ndi khalidwe laokha, losiyana ndi la kholo lake. Njira yachiwiri inali kusintha malo. M'chaka cha 1975 Tim Hamilton Russell anagula malo m'chigwa cha Hemel-en-Aarde pafupi ndi tauni ya Hermanus, kumene mphepo yozizira yochokera kunyanja imaziziritsa minda, ndipo vinyo wake woyamba anatuluka mu 1981. Lero chigwa chimenecho pamodzi ndi dera lokwera la Elgin ndiwo malo otchuka a pinot noir m'dziko limenelo. Onaninso kuti ku Cape mvula imagwa m'nyengo yozizira, ndipo mphesa zimapsa m'miyezi youma. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti ndiyo ikutisiyanitsa nawo.

Chipata pa sikelo

Chipata ili pa mtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pamwamba pa nyanja, ndipo n'chifukwa chake kuno n'kozizirira poyerekeza ndi ku Mfuwe. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Komabe tili pafupi ndi pakati pa dziko lapansi. Mu Okutobala masana amapitirira madigiri 30, ndipo ngakhale mu Juni ndi Julayi, miyezi yathu yozizira kwambiri, kutentha kwa usana ndi usiku tikakuphatikiza kumakhala pafupifupi madigiri 18. Ndiye kuti chisanu chathu chenichenicho chili pamwamba pa mpata wa madigiri 14 mpaka 16 umene pinot noir amafuna.

Vuto lachiwiri ndi mvula. Timalandira mamilimita pafupifupi 1,000 pachaka, pafupifupi yonse pakati pa Novembala ndi Epulo. Mpesa ukasiyidwa wokha kuno umaphukira kukayamba kufunda mu Ogasiti kapena Sepitembala, umachita maluwa m'kutentha kwa Okutobala, ndipo zipatso zimapsa mu Disembala ndi Januwale, m'kati mwa dzinja. Imeneyo ndi nthawi ya usiku wofunda, mitambo ndi chinyezi. Matenda a chuku otchedwa downy mildew amawononga masamba, zipatso zimamwa madzi n'kung'ambika, ndipo matsango amawolera pamtengo. Walira mvula walira matope, ndipo mvula imene imakondweretsa mlimi wa chimanga ndi nsawawa ndi yomweyo imene imaliritsa mlimi wa mphesa.

Vuto lachitatu ndi kusowa kwa tulo. Kumayiko ozizira mpesa umayoyola masamba n'kugona miyezi ingapo, ndipo kuzizirako kumachititsa kuti maso ake onse aphukire pamodzi. Kuno sugona mokwanira, motero maso ena amaphukira, ena amachedwa, ena saphukira n'komwe.

Tikaika zonsezi pamodzi, yankho lathu kwa wofuna kubzala pinot noir ku Chipata n'lakuti asataye ndalama zake. Koma funso lakuti tingalime mphesa kapena ayi likadali lotseguka, ndipo pinot noir yemweyo watiuza kale chimene tiyenera kufunafuna: masabata ouma, a dzuwa lofatsa ndi usiku wozizira, kuti chipatso chipse modekha. Masabata otere tili nawo, kuyambira mu Meyi mpaka kumayambiriro kwa Ogasiti. Chotsala n'kuchititsa mpesa kuti upsetse zipatso m'masabata amenewo.

Kusuntha nthawi ya kupsa

Alimi a m'mayiko otentha anapeza kuti kumene kulibe chisanu choopsa, mpeni wodulira ndiwo umauza mpesa nthawi yoyamba chaka chake. Kuchokera tsiku lodulira kufika pokolola pamapita miyezi inayi kapena isanu, kapena kupitirirapo pang'ono kukazizira. Wodziwa mwezi umene akufuna kukolola amawerengera chobwerera m'mbuyo n'kupeza mwezi wodulira.

Ku Minas Gerais, kum'mwera chakum'mawa kwa Brazil, kuli mapiri olima khofi amene nyengo zake zikufanana ndi zathu: mvula m'miyezi yotentha, chilimwe chozizira pakati pa chaka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 akatswiri a bungwe la kafukufuku wa zaulimi la EPAMIG anakhazikitsa njira yodulira kawiri. Amadulira koyamba cha mu Ogasiti kuti mpesa upange nthambi, n'kuchotsa matsango onse amene angatuluke. Amaduliranso cha mu Januwale, ndipo zipatso zimapsa mu Juni ndi Julayi, kouma ndi kozizira. Mtundu umene wachita bwino kwambiri kumeneko ndi syrah, wopirira kufunda. Ku Nashik m'dziko la India, kumene kumachokera mphesa zambiri zodya, amaduliranso kawiri, mu Epulo ndi mu Okutobala, kuti akolole m'miyezi yopanda mvula.

Kufupi ndi kuno chitsanzo ndi Dodoma ku Tanzania, kumene mpesa unabwera ndi amishoni achikatolika, ndipo mishoni ya Bihawana imatchulidwa kwambiri pa mbiri imeneyo. Dodoma ili pa mtunda wofanana ndi wa Chipata, koma imalandira mvula pafupifupi theka la yathu. Alimi ang'onoang'ono a kumeneko amakolola kawiri pachaka, cha mu Malichi ndi cha mu Ogasiti kapena Sepitembala, ndipo zokolola za m'chilimwe ndizo zimayamikiridwa. Pa Makutupora pali malo a kafukufuku wa mphesa, ndipo mtundu umene umalimidwa kwambiri m'deralo umatchedwa ndi dzina lomwelo.

Kwa amene afuna kuyesa

Tikulangiza kuti muyambe ndi mipesa khumi kapena makumi awiri, osati hekitala. Mpesa umayamba kubereka mokwanira m'chaka chachitatu, ndipo mizati, mawaya ndi madzi zimadya ndalama zaka zonsezo.

Sankhani malo otsetsereka pang'ono, opita mphepo, a nthaka yosasunga madzi. Pansi pa dambo ndi pabwino pa nzimbe ndi ndiwo zamasamba, koma mizu ya mpesa imawola m'chithaphwi. Pakhale madzi odalirika othirira kuyambira mu Epulo mpaka mu Okutobala, pakuti kukolola m'chilimwe kopanda mthirira n'kosatheka. Tetezani mizati ndi timitengo tating'ono ku chiswe.

Sankhani mtundu poyang'ana nyengo yanu, osati kutchuka kwa dzina. Mtundu wa Isabella, wochokera ku mipesa ya ku America, umapirira chinyezi ndi matenda kuposa mitundu ya ku Ulaya, ndipo ku Brazil ndiwo umodzi mwa mitundu yaikulu yopangira madzi a mphesa akumwa. Musanagule, funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu kapena akatswiri a pa Msekera. Musalole kuti m'bale akubweretsereni nthambi zobisa m'chikwama kuchokera ku Cape. Kulowetsa mbewu m'dziko kumafuna chilolezo cha boma, ndipo pali chifukwa chake: minda yambiri ya kumeneko imavutika ndi matenda opinda masamba, amene amayenda m'nthambi zobzala ndiponso ndi tizilombo toyera tofanana ndi kodikodi wa chinangwa. M'zaka za m'ma 1860 kachilombo ka m'mizu kotchedwa phylloxera kanalowa ku Ulaya ndi mipesa yochokera ku America, n'kuwononga minda yambiri ya ku France, kufikira alimi anaphunzira kumezanitsa mipesa yawo pa mizu ya mipesa ya ku America.

Gawani mipesa yanu m'magulu awiri kapena atatu, ndipo mudulire gulu lililonse pa nthawi yake, kuyambira kumapeto kwa Januwale mpaka mu Malichi. Wodulira msanga amakumana ndi mvula pa nthawi ya maluwa, ndipo ayenera kukhala wokonzeka kupopera mankhwala a kopa. Wodulira mochedwa akhoza kufikitsa zipatso m'kutentha kwa Sepitembala. Pakati pa ziwirizi pali sabata yoyenera munda wanu, ndipo palibe buku limene lingakuuzeni sabatayo kuposa kope lanu lomwe. Lembani tsiku lodulira, tsiku la maluwa, tsiku limene zipatso zayamba kusintha mtundu, tsiku lokolola, ndi kukoma kwake. Amonke a ku Burgundy analibe zipangizo zimene tili nazo lero. Anali ndi maso ndi chikumbumtima cha mibadwo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musachite umbombo ndi matsango. Mpesa waung'ono muusiyire ochepa, ndipo muchotse masamba ena ozinga matsango kuti mphepo ipite, koma osavula onse kuti dzuwa lingawaule zipatso. Zikayamba kuda, mbalame monga apumbwa zidzakuuzani, choncho konzeranitu maukonde kapena timatumba ta pepala. Kumbukirani kuti mphesa siipitiriza kupsa ikathyoledwa monga ichitira nthochi kapena papaya. Ilaweni isanachoke pamtengo, ndipo muone ngati njere zake zasanduka zofiirira.

Madzi a mphesa osawira

Msika wa mphesa sudalira vinyo. Pali zodya zaziwisi, pali zoumitsa, ndipo pali madzi akumwa, amene mipingo yambiri imawafuna pa Mgonero ndipo kawirikawiri imagula ochokera kunja. M'chaka cha 1869 Thomas Welch, dokotala wa mano wa mpingo wa Methodist ku Vineland m'chigawo cha New Jersey, anatsatira zimene Louis Pasteur anapeza zokhudza tizilombo towiritsa zakumwa. Anatenthetsa madzi a mphesa za mtundu wa Concord m'mabotolo otseka kuti yisiti ife, ndipo madziwo anakhala osawira. Njira yake ikugwirabe ntchito: kufinya, kusefa, kutenthetsa madziwo mpaka atatsala pang'ono kubwata, kuthira akadali otentha m'mabotolo owiritsidwa, n'kutseka zolimba.

Ndipo pa madzi amenewa phunziro la pinot noir limaoneka poyera kwambiri, pakuti palibe chobisira. Madzi a mphesa zopsera m'mvula amakhala osukuluka, a mphesa zopsera m'kutentha amakhala otsekemera mokola, koma a mphesa zopsa modekha mu Juni ndi Julayi amakhala ndi kutsekemera, kuwawasa, mtundu ndi fungo zolingana. Amene muli kale ndi mpesa pakhomo, kaya umodzi wokha wokwera pa thandala, yambani ndi umenewo chaka chino: dulirani nthambi zina mu Febuluwale, zina mu Malichi, muzithirira, ndipo mutilembere zimene mudzapeze kuti tidzagawane ndi anzanu m'kalata ikubwerayi.